Momwe mungasankhire matayala osapusitsidwa ndi manambala olembedwa pambali

Mlamu wanga atakatenga Sienta yake ku Songwe, chimene anayamba kundionetsa ndi matayala. "Alamu, taonani mano akewa. Awa ndimaliza nawo zaka zitatu." Ndinanjuta n'kukanikiza dzino limodzi ndi chala. Mphira wake unali wofewa ngati chofufutira cha mwana wa sukulu, ndipo dzino lililonse linali lodulidwadulidwa ndi timizere topyapyala tokhotakhota. Pambali panali palembedwa STUDLESS. Anali matayala oyendera pa chipale chofewa, ndipo mwiniwakeyo amafuna azikayenda nawo ku Nchalo mu Okutobala.

Tayala limadzifotokoza lokha, koma zolembedwa pa ilo sizilemera mofanana. Zina ndi malire enieni amene simuyenera kudumpha. Zina ndi malikisi amene kampani yadzipatsa yokha, itayesa tayala latsopano pa msewu wa kwawo. Tiyeni tiziyende mwa ndondomeko yake.

Choyamba, tsegulani chitseko cha dalaivala

Musanapite kusitolo, yang'anani pa chitsulo chimene chitseko cha dalaivala chimatsekera. Pali kapepala komatidwa kosonyeza saizi ya tayala ndi mpweya woyenera. Kajambuleni pa foni. Osadalira zimene zalembedwa pa matayala amene alipowo, chifukwa mwina amene anali nayo galimotoyo anangoika zimene anapeza.

Tinene kuti palembedwa 175/65 R14 82T. Nambala ya 175 ndi kufutukuka kwa tayala m'mamilimita. Ya 65 ikutanthauza kuti msinkhu wa khoma la m'mbali ndi magawo 65 pa 100 a kufutukukako, ndiye kuti pafupifupi mamilimita 114. R14 ndi tayala la mtundu wa radial lokwana pa limu ya mainchesi 14. Anthu ambiri amalekezera pomwepa, n'kungouza wogulitsa kuti "ndikufuna fotini", chonsecho zotsalazo n'zimene zimasunga moyo. Nambala ya 82 ikuyimira katundu amene tayala limodzi lingasenze, makilogalamu 475. Ikakhala 88 ndi makilogalamu 560, ikakhala 91 ndi 615. Chilembo chomaliza ndi liwiro limene tayalalo lingapirire litasenza katundu ameneyo: S ndi makilomita 180 pa ola, T ndi 190, H ndi 210, V ndi 240.

Wina anena kuti ndani amathamanga 190 pa M1. Palibe wanzeru zake amene amatero. Koma chilembocho chimakuuzaninso za mphamvu ya tayala yopirira kutentha kwa m'kati mwake, choncho mutha kukwera pamwamba pa zimene kapepala kanena, kutsika ayi. Pa katundu ndiye osayerekeza n'komwe. Matayala anayi a 82 onse pamodzi amasenza makilogalamu 1,900, kuphatikizapo kulemera kwa galimoto yeniyeniyo. Muikemo anthu asanu ndi awiri, matumba atatu a chimanga ndi chigubu cha mafuta, muone pamene mwafika. A minibasi ndi a mapikapu ayang'ane chilembo C, chosonyeza tayala la galimoto zonyamula katundu wolemera, monga pa 195 R14C 106/104. Tayala limeneli limasenza makilogalamu 950 likakhala lokha, 900 akaphatikizidwa awiri mbali imodzi. Kuika tayala la galimoto yaing'ono pa Hiace chifukwa choti lakwana pa limu n'kuitana maliro.

Za malimu akuluakulu okhala ndi matayala opyapyala ndingonena mwachidule: amakongola pa ukwati, koma dzenje limodzi la pa msewu wa m'tauni mvula itatha limatha kudya tayala ndi limu yomwe.

Chachiwiri, funsani zaka zake

Pezani pamene palembedwa DOT, mutsatire zilembozo mpaka kumapeto. Manambala anayi omaliza ndi sabata ndi chaka chimene tayala linapangidwa. Mukaona 2319, ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Nthawi zambiri amalembedwa mbali imodzi yokha, ndiye litembenuzeni. Mukapeza manambala atatu okha, tayalalo ndi la chaka cha 2000 chisanafike, lisiyeni anthu aseme nkhwaira.

Mphira umakalamba ngakhale tayala lili pa shelefu. Kampani yopanga matayala ya Michelin imalangiza kuti tayala likakwana zaka zisanu liziyenderedwa ndi wodziwa chaka chilichonse, ndipo likafika zaka khumi lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino. Makampani ena opanga magalimoto amati zisanu ndi chimodzi zakwana. Dzuwa lathu silichitira chifundo mphira, choncho ineyo tayala logulitsidwa ngati latsopano koma litagona kale zaka zinayi m'sitolo ndimalikana, kapena atsitse mtengo.

Chachitatu, malikisi a ku America: Treadwear, Traction ndi Temperature

Apa ndi pamene ogulitsa amakonda kuloza. "Bwana, ili ndi Treadwear 500, ilo ndi 300 basi." Mawu atatuwa ndi a ndondomeko ya boma la United States yotchedwa UTQG, imene imayang'aniridwa ndi bungwe loona za chitetezo cha pamsewu la NHTSA. Chimene wogulitsa sakuuzani, mwinanso sachidziwa, n'chakuti malikisiwo sapereka ndi boma. Kampani yopanga tayala imayesa yokha, kapena kulemba ntchito ena kuti aiyesere, n'kulemba zotsatira.

Treadwear amayesa motere. Magalimoto amayenda mondondozana pa msewu wa makilomita pafupifupi 640 kufupi ndi tauni ya San Angelo ku Texas, kuuzungulira mpaka atakwanitsa makilomita pafupifupi 11,500. Akamayenda amayeza mmene mano akuperepesekera poyerekeza ndi tayala lina la muyezo. Tayala lopatsidwa 200 ndiye kuti likuyembekezeka kukhalitsa kawiri kuposa la 100, pa msewu umenewo. Taonani zinthu zitatu. Tayala saliyendetsa mpaka kutha, amangoyerekeza kuchokera pa kachigawo koyambirira ka moyo wake. Lamulo limaletsa kampani kudzikweza, koma silimaletsa kudzitsitsa, ndiye kampani ina imatha kulemba nambala yotsika pa tayala lotchipa kuti lodula lioneke lapamwamba, pamene ina imalemba nambala yonse imene ingakwanitse kuikira kumbuyo. Ndipo phula la ku Texas si msewu wa miyala wopita kumudzi kwanu. Mapeto ake, 400 wa kampani iyi ndi 400 wa kampani iyo si chinthu chimodzi. Nambalayi imathandiza mukamafananiza matayala awiri a kampani imodzi. Kupitirira apo ndi mphekesera chabe.

Traction imalembedwa AA, A, B kapena C. Amakoka ngolo yoyesera pa liwiro la makilomita pafupifupi 64 pa ola, pa phula ndi pa simenti zothiridwa madzi, n'kumanga gudumu kuti likhululuke osazungulira, kenako n'kuyeza mmene lagwirira. Zimenezi zikuchitika pa mzere wowongoka. Sizinena kanthu za kukhota, za msewu wouma, kapena za nthawi ija tayala limayandama pa madzi odikha chiwongolero n'kupepuka m'manja. Komanso magalimoto ambiri masiku ano ali ndi ABS imene siilola gudumu kumangika chonchi. Matayala ochuluka amapeza A, ndiye A sakusiyanitsirani kanthu. Koma mukaona B kapena C, bwezani.

Pa zitatuzi, chimene ndimachilemekeza ndi Temperature, chifukwa chikukhudza ife a dziko lotentha. Amayesera m'nyumba, tayala likuzungulira pa chigudumu chachitsulo, ndipo A ndi lopirira liwiro loposa makilomita 185 pa ola osawonongeka ndi kutentha, pamene C ndi longokwanitsa malire a lamulo. Mu Ogasiti 2000, kampani ya matayala ya Firestone inaitanitsa matayala 6.5 miliyoni ku United States, ambiri a iwo a pa Ford Explorer, chifukwa chikopa cha pamwamba chinkasendeka galimoto ili pa liwiro ndipo anthu ambiri anafa. Ngozi zochuluka zinachitika m'madera otentha monga Texas, Florida ndi Arizona. Matayalawo anali ndi C, ndipo Ford inkalangiza mpweya wa 26 psi pamene Firestone inadzanena kuti umayenera kukhala 30. Kutentha, katundu ndi mpweya wochepa zikakumana, zotsatira zake n'zimenezo. Woyenda Chikwawa, Nsanje, Salima kapena Karonga asankhe A, akalephera B.

Dziwaninso kuti matayala a C a minibasi aja ndi oyendera pa chipale sakakamizidwa kukhala ndi malikisi amenewa. Kusowa kwake si umboni woti ndi achinyengo.

Chachinayi, chipepala chamitundumitundu cha ku Ulaya

Matayala ena atsopano amabwera ndi chipepala chonga cha pa filiji. Ndi cha European Union, chinayamba mu Novembala 2012 ndi magiredi A mpaka G, ndipo kuyambira pa 1 Meyi 2021 chinasinthidwa kukhala A mpaka E n'kuwonjezera QR code. Chimanena zinthu zitatu: kadyedwe ka mafuta, kagwiridwe pa msewu wonyowa, ndi phokoso. Japan ili ndi chake kuyambira 2010, chopereka AAA mpaka C pa mafuta ndi a mpaka d pa msewu wonyowa.

Cha msewu wonyowa n'chofunika kuchiwerenga. Pa chipepala chakale, a ku Ulaya ankawerengera kuti pakati pa tayala la giredi yapamwamba ndi la giredi yotsikitsitsa pamatha kukhala kusiyana kwa mamita 18 galimoto ikamanga mabuleki pa liwiro la 80. Amenewo ndi magalimoto anayi ondondozana, kapena mwana wodumpha msewu pa Lunzu. Ndikamagula ndimafuna A kapena B pamenepa, za mafuta zibwere pambuyo. Tayala lokhalitsa kwambiri ndi losadya mafuta nthawi zambiri limalipira pa kugwira, chifukwa mphira umodzi sungachite zonse bwino. QR code ija ijambuleni ndi foni: ikufikitsani ku EPREL, kaundula wa European Union wosunga magiredi amenewa, ndipo mukapeza kuti dzina kapena giredi sizikugwirizana ndi chipepalacho, mwadziwa amene mukuchita naye malonda.

Koma nachonso kampani imadzilembera yokha, ndipo giredi ndi ya tayala latsopano. Sichinena kuti likhala makilomita angati, kapena ngati khoma lake lipirire dzenje. Pa zimenezi kuli bwino kufufuza dzina lenileni la tayalalo pa intaneti muone ngati linayesedwapo ndi oyima paokha, monga bungwe la oyendetsa magalimoto la ADAC kapena magazini ya Auto Bild ku Germany, amene amayesa matayala ambiri pa galimoto imodzi n'kufananiza. Nyenyezi zisanu za ogula musazitengere pamtima, munthu amene wangochotsa matayala osalala amayamikira chilichonse chatsopano. Ndipo funsani dalaivala wa takisi kapena wa minibasi woyenda msewu wanu tsiku ndi tsiku, makamaka amene amagula matayala ndi ndalama ya m'thumba mwake. Mufunseni kuti linatha miyezi ingati ndiponso linatha bwanji, kusalala kapena kutupa.

Chachisanu, ngati thumba likukukankhirani ku kaunjika

Tisanamizane, ambiri timagula komweko. Lichotseni pa mulu mulione poyera. Yambani ndi deti. Kenako fufuzani mawu oti STUDLESS, kapena chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu lokhala ndi kanyenyezi ka chipale m'kati, kapena mayina monga Blizzak, iceGUARD ndi Winter Maxx. Kwawo kozizira ku Hokkaido, ku Japan, ndi matayala abwino zedi. Pa phula lotentha amafewa, amatha msanga ndipo mabuleki amatalika, pouma ndi ponyowa pomwe. Mano ake akuyawo ndi amene amakopa anthu.

M'ngalande za tayala muli timizere totukuka topingasa. Mano akalingana nato ndiye kuti kwatsala mamilimita 1.6, malire a lamulo ku Ulaya, koma kagwiridwe pa madzi kamakhala katatsika kalekale. Dzinja likamayandikira ndimasintha pa mamilimita atatu. Pisani dzanja m'kati mozungulira monse. Chigamba cha pakati pa mano n'chopiririka ngati chinamatidwa bwino, koma cha pa khoma ayi. Chotupa pambali chikutanthauza kuti ulusi wa m'kati unaduka, ndipo palibe wokonza amene angaulumikize. Ming'alu ing'onoing'ono ya m'mbali ndi ukalamba. Samalaninso ndi mano osemedwa ndi mpeni wamoto: ngalande zake zimakhala zosalingana, timizere topingasa tija kulibe, nthawi zina waya amasuzumira pansi.

Chomaliza, pomanga ndi popopa

Matayala awiri a ekiselo imodzi akhale ofanana dzina, saizi ndi kutha kwake. Mukagula awiri okha atsopano, aikeni kumbuyo ngakhale galimoto imakoka ndi kutsogolo. Anyamata a pa matayala adzakutsutsani, koma makampani opanga matayala amalangiza zomwezi: kutsogolo kukaterereka mumamva m'chiwongolero n'kuchepetsa liwiro, kumbuyo kukaterereka galimoto imazungulira musanadziwe. Sinthani mavavu, achite balansi ndi alayimenti tsiku lomwelo.

Mpweya tsatirani kapepala ka pachitseko kaja, osati nambala ya MAX PRESS ya pa tayala, imeneyo ndi malire chabe. Magalimoto a ku Japan amalemba mu kPa: 230 kPa ndi 2.3 bar, pafupifupi 33 psi. Yezani m'mawa matayala asanatenthe, kamodzi pa mwezi, ndi supeya yemwe. Mukaima pa Zalewa masana n'kupeza mpweya wakwera, osaphwetsa, utsika wokha akazizira. Geji yanuyanu ya m'galimoto ndi yotchipa kuposa tayala limodzi la kaunjika, ndipo za pa malo opopera zimasiyana kawerengedwe.

Mlamu wanga uja anakana kutaya matayala a mano onsewo. Tinagwirizana zoti aziyenda nawo m'tauni pang'onopang'ono mpaka malipiro a mwezi wotsatira, ndipo ulendo wa ku Nchalo anakwera minibasi.