Momwe tinathetsera vuto la ophunzira ochedwa kumaliza maphunziro

Pa koleji yathu kuno ku Lilongwe tinkazindikira kuti wophunzira watsalira zotsatira za kumapeto kwa chaka zitatuluka kale, madzi atafika m'khosi. Gwero lake linali lakuti malikisi anali omwazikana, mphunzitsi aliyense ndi buku lake.

Tinapanga fayilo imodzi ya Excel pa kalasi iliyonse. Muli nambala ya wophunzira, makosi a semesita ino, malikisi a mayeso apakati, masiku amene wajomba ndi makosi amene analephera m'mbuyomu. Timalondola nambala osati dzina, chifukwa a Banda ndi a Phiri ndi ambiri ndipo malikisi amasokonekera. Aphunzitsi amalowetsa malikisi pofika sabata yachisanu ndi chimodzi. Amene akulephera makosi awiri, kapena wajomba katatu motsatizana, dzina lake timaliika mofiira, ndipo mlangizi amamuitana payekha pasanathe masiku asanu, osati pa gulu la WhatsApp.

Pamene pamagona nkhani ndi pa makosi otsegulira ena. Wolephera masamu oyamba sangalembetse achiwiri, ndipo ngati kosiyo imaphunzitsidwa kamodzi pa chaka, chaka chonse chapita. Oterewa timawapatsa makalasi apadera Loweruka asanalembe mayeso obwereza.

Ena ndi anzeru ndithu, chimawagwetsa ndi fizi. N'chifukwa chake ofesi ya zachuma imatipatsa mndandanda wa angongole mwezi umodzi mayeso asanayambe, ndipo oyenerera timawakumbutsa kupempha ngongole ku HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'makoleji ndi m'mayunivesite, nthawi isanathe.