Momwe mungamangire bafa la pansi pa konkire ndi tebulo la sinki lomangira kukhoma

Ndinagonapo masiku angapo m'nyumba ina yomwe bafa lake linali lochititsa kaso: pansi pa konkire yotuwa bwino, sinki itakhala pa tebulo la simenti lochita ngati lamera m'khoma, pamwamba pake kalilole wamkulu. Koma kuseri kwa chitseko kunkakhala tsache. Ntchito yake ndinaidziwa m'mawa woyamba womwewo. Ukamaliza kusamba, madzi sankalowera kubowo, ankapita kukadikha pakona ya kutsidya, ndipo unkayenera kuwakusa ndi tsachelo usanavale n'komwe. Mwini nyumba anandiuza kuti wakhala akuchita zimenezi chilowereni m'nyumbamo.

Konkire ikauma yauma. Tailosi imodzi ikakhala molakwika mumaichotsa n'kuikapo ina, koma pansi pa konkire pakalakwika, chotsala ndi hamala ndi tchizulo. Choncho ntchito yaikulu ya bafa lotere imachitika thumba la simenti lisanatsegulidwe, ndipo funso loyamba si la mtundu kapena kuwala kwake ayi. Funso ndi lakuti: madzi adzadzera pati?

Choyamba, jambulani bafalo pansi

Tengani choko, lembani pansi penipeni pomwe padzakhale shawa, chimbudzi, sinki ndi bowo lotulukira madzi. Imani pamalo a sinki, weramani ngati mukusukusula. Kutsogolo kwa tebulo kukhale danga la masentimita osachepera 70, ndipo chitseko chizitseguka osagunda kanthu. Shawa ikhale kutali ndi khomo komanso ndi tebulo la sinki, kuti madzi othovukira asamanyowetse zitseko za kabati.

Sinki ndi mpope mugulirepo pa nthawi imeneyi. Amisiri ambiri amati "tidzaona pambuyo", koma mabowo a patebulo amasiyidwa pothira konkire, ndiye muyeso wake uyenera kuchokera pa sinki yomwe muli nayo m'manja.

Mapaipi onse otulutsa madzi ayalidwe tsopano. Ya chimbudzi imakhala ya mamilimita 110, ya shawa 50, ya sinki 32 kapena 40, ndipo iliyonse ikhale yotsetsereka kulowera kunja. Pansi pa bowo la shawa ndi pansi pa sinki pakhale kapaipi kopindika kaja kosunga madzi pang'ono. Timadzi timeneto n'tomwe timatsekereza fungo la kudzenje kuti lisabwerere m'nyumba. Musanakwirire, tsekani kumapeto kwa mapaipi, dzazani madzi, muone ngati polumikiza pakudontha. Mukatero phimbani kukamwa kwa paipi iliyonse ndi pulasitiki, chifukwa simenti ikagweramo n'kuuma simudzaichotsanso.

Chachiwiri, silabu yapansi

Ngati nyumbayo ndi yatsopano, tsinderani dothi mpaka lilimbe, yalani mchenga pang'ono, kenako pulasitiki yochindikala yotchinga chinyezi. Pokumana mapepala a pulasitiki asanjikizane masentimita 20 kapena kuposa. Pamwamba pake thirani konkire yochindikala masentimita 10, yosakaniza simenti ndowa imodzi, mchenga ndowa ziwiri, miyala ndowa zinayi. Ndowa yake ikhale imodzimodziyo, osati kuyeza ndi fosholo.

Silabu ya m'bafa ikhale yotsika kuposa ya zipinda zina ndi masentimita 8 kapena 10, chifukwa pamwamba pake padzabwera gawo lina, ndipo zonse zikatha pansi pa bafa pazikhala potsikirapo sentimita imodzi kapena awiri poyerekeza ndi kunja kwa chitseko.

Ngati bafalo lili m'chipinda cham'mwamba, funsani injiniya musanathire kanthu. Konkire ndi yolemera: kadera ka mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi, kochindikala masentimita 5 okha, kamalemera makilogalamu pafupifupi 120.

Chachitatu, mangani tebulo la sinki pansi musanamalize

Ena amayamba kusalaza pansi kenako n'kumanga tebulo. Ine sindigwirizana nazo. Matope a simenti amagwa, njerwa zimakanda, ndipo pansi pomwe munavutikira pamathimbirira musanasambepo n'kamodzi komwe.

Yambani ndi kansanja kotalika masentimita 10 kuchokera pomwe pansi padzathere, kolowa m'kati masentimita 5 kapena 7 kutsogolo kuti zala za kumapazi zizipeza polowa. Kansanjaka kamatetezanso matabwa a kabati kuti asakhudze madzi a pansi. Pamwamba pake mangani timakoma tiwiri ta njerwa m'mbali, ndipo ngati tebulolo lapitirira mita imodzi ndi theka, onjezani kachitatu pakati. Kutalika komwe anthu ambiri amasukusula osapweteka msana ndi masentimita 80 mpaka 90 kufika pamlomo wa sinki. Apa ndi pomwe ambiri amapusa: sinki yokhala pamwamba pa tebulo ngati beseni imawonjezera msinkhu wakewake. Ngati ndi yakuya masentimita 14, tebulolo litsike ndi masentimita 14 omwewo, apo ayi madzi azikutsikirani m'zigongono. Kuchokera kukhoma kufika kutsogolo, masentimita 50 ndi okwanira.

Tsopano pamwamba pa tebulolo. Khomani matabwa osalala oti konkire ikhalepo, muwachirikize bwino ndi timitengo pansi, muwapake mafuta pang'ono kuti asadzakakamire. Konkire imakopera chilichonse chomwe yagonera. Thabwa likakhala ndi mizere, nayonso idzatuluka ndi mizereyo. Semani kamzere kolowa m'khoma lakumbuyo masentimita atatu kuti tebulo likakhazikikemo. Lukani zitsulo za mamilimita 8 motalikirana masentimita 15, ndipo muzikweze pa timiyala kuti zikhale pakati pa konkire. Chitsulo chikayandikira kunja chimachita dzimbiri, dzimbiri limatupa, konkire n'kung'ambika. Pamalo a bowo la sinki ikani chidutswa cha thabwa kapena cha thovu lolimba lija lotetezera katundu m'makatoni, chodulidwa molingana ndi sinki yanu. Pamalo a mpope imikani kachidutswa ka paipi. Mipope yambiri imafuna bowo la mamilimita pafupifupi 35.

Thirani konkire ya timiyala ting'onoting'ono, yochindikala masentimita 6, ndipo muzimenya m'mbali mwa matabwawo ndi hamala pang'onopang'ono. Mudzaona timathovu tikutumphukira pamwamba. Umenewo ndi mpweya womwe ukanasiya timabowo m'mphepete. Kunsi kwa mphepete yakutsogolo siyani kamzere kakang'ono, pokhomerera kachingwe pathabwa musanathire. Madzi otsetsereka akafika pa kamzereko amadontha pansi m'malo mozungulira kukanyowetsa zitseko. Matabwawo musawachotse sabata isanathe.

Pali ena okonda tebulo lopanda miyendo, longolendewera kukhoma. Limaoneka bwino, sindikana, koma tebulo la masentimita 120 ndi 50, lochindikala 6, limaposa makilogalamu 80 sinki isanakhalepo, ndipo tsiku lina mwana adzakwerapo. Limenelo limafuna zitsulo zolowa m'khoma zowerengedwa ndi wodziwa.

Chachinayi, tchingani madzi

Anthu ambiri amaganiza kuti konkire silowa madzi. Imalowa. Ili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo imamwa pang'onopang'ono mpaka khoma la chipinda choyandikana litayamba kusupuka penti m'munsi. Choncho silabu ikauma, isesedwe bwino n'kupakidwa mankhwala otchinga madzi, kawiri, ulendo wachiwiri mopingasa woyamba. Mankhwalawo akwere masentimita 15 m'makoma onse ndi m'timakoma ta tebulo, ndipo mu shawa afike mamita 1.8. M'makona ndi mozungulira paipi ya bowo matani kansalu kolimbitsa, poti ndi momwe madzi amayambira kuboola.

Mankhwalawo akauma, tsekani bowo, dzazani madzi masentimita angapo, lembani mzere pomwe alekezera, mudikire tsiku lathunthu. Akatsika, funani podontha lero, simenti yomaliza isanabise chilichonse.

Chachisanu, kutsetsereka kwa pansi

Apa ndi pomwe tsache lija linabadwira, ndiye musathamange.

M'dera la shawa pansi pazitsika masentimita awiri pa mita iliyonse kulowera kubowo; kwina konse sentimita imodzi pa mita ikukwana. Kunena kwake, ngati khoma la shawa lili mita imodzi ndi theka kuchokera pa bowo, m'munsi mwa khomalo mukhale mokwera masentimita atatu kuposa pakamwa pa bowo. Yambirani pabowopo: khazikitsani chotsekera chake pa msinkhu womaliza, kuonetsetsa kuti simenti ya pamenepo sichepera masentimita 4. Kuchokera apo, ndi levulo ndi thabwa lowongoka, ikani timilu ta simenti m'makona ndi m'mphepete mwa makoma, kalikonse pa msinkhu wake. Timiluto ndi tomwe thabwa lanu lidzayendepo posalaza. Mmisiri akakuuzani kuti diso lake ndi levulo yokwanira, mupempheni mwaulemu kuti atenge levulo yeniyeni.

Sakanizani simenti ndowa imodzi ndi mchenga wotsukidwa ndowa zitatu. Madzi akhale ochepa: mukafumbata m'dzanja lovala gulovu, chibumacho chigwirane popanda kudontha. Simenti yamadzimadzi imayalika mosavuta, n'chifukwa chake ambiri amaikonda, koma imafooka, imang'aluka pouma, ndiponso imadziyala yokha n'kufafaniza kutsetsereka komwe munayeza. Magulovu ndi majombo musawasiye, simenti yaiwisi imawotcha khungu.

Ngati mukufuna mtundu, ufa wa oxide usakanizidwe ndi simenti zikadali zouma, poyeza pa sikelo mofanana ulendo uliwonse, ndipo usapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa simentiyo. Yambani mwaumba kachidutswa koyesera, chifukwa mtundu umayererako ukauma. Bafa lonse lithiridwe tsiku limodzi. Polumikiza ya lero ndi ya mawa pamaoneka mpaka kalekale.

Pali chizolowezi china chomwe ndikufuna mukane: kuwaza simenti youma pamwamba kuti imwe madzi ndi kuti pawale. Tsiku loyamba pamanyezimira ndithu, koma kachikopa kameneko ndi kofooka, kamachita timing'alu ngati ukonde wa kangaude kenako n'kuyamba kufumbutuka. Madzi akayandama pamwamba, ingodikirani aphwe okha musanasalaze.

Nanga pasalale motani? Chipande chachitsulo chimasiya pansi ngati galasi, ndipo galasi lothira sopo ndi msampha, makamaka kwa ana ndi okalamba. M'dera la shawa malizani ndi chipande cha thabwa kapena siponji, pakhale pokhakhala pang'ono pomveka kuphazi. Chachitsulo chigwire pafupi ndi khomo ndi patebulo. Mawa lake thirani madzi chikho chimodzi pakona iliyonse, muwatsatire ndi maso mpaka alowe m'bowo. Pomwe aima, konzani simenti ikadali yanthete.

Chachisanu ndi chimodzi, dikirani

Simenti silimba chifukwa chouma, imalimba chifukwa chogwirana ndi madzi. Phimbani pansi ndi tebulo ndi pulasitiki kapena masaka onyowa kwa masiku asanu ndi awiri, osalola kuti paume. Mphamvu yake yokwanira imafika pa masiku 28. Pulasitiki ikagona mokwinyika imasiya mawanga, choncho iyaleni mosalala. Mwezi ndi wautali kwa munthu wofunitsitsa kusamba m'bafa lake latsopano, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chomaliza, kupaka ndi kumangirira

Masiku 28 akatha, yesani chinyezi: matani kapulasitiki ka masentimita 45 mbali zonse pansi ndi tepi, mukasiye usiku wonse ndi usana wake. Kakachita thukuta kunsi, kapena pansi pakada, dikiraninso. Pakauma, pakani sealer, mankhwala opaka pa konkire kuti isamwe madzi. Alipo wolowerera m'kati, yemwe sasintha maonekedwe a konkire ndipo saterera. Alinso wokuta pamwamba ngati vanishi, monga polyurethane ndi epoxy, yemwe amateteza kwambiri ku mawanga koma amaterera akanyowa. Ine pansi ndimasankha wolowerera, patebulo wokuta, poti pamenepo ndi pomwe pamatayikira mafuta odzola, mankhwala otsukira mano ndi utoto wa tsitsi. Mukafuna wokuta pansi pomwe, sakanizanimo timchenga tapadera toletsa kuterera. Pakani mopyapyala kawiri, mawindo ali otsegula.

Pokumana pansi ndi khoma, tebulo ndi khoma, komanso mozungulira sinki, ikani silicone, phala lomatira lomwe likauma limakhala ngati labala, m'malo mwa simenti, chifukwa malo amenewa amasuntha pang'ono ndipo simenti imangosweka. Zitseko za kabati zikhale za thabwa lenileni lopaka vanishi mbali zonse, za plywood yopirira madzi, kapena za aluminiyamu. Matabwa a utuchi wopanikiza aja amatupa akamwa chinyezi. Shelefu ya m'kati ikhale yochotseka kuti tsiku lomwe sinki idzatsekeke, dzanja lidzafike pa kapaipi kopindika popanda kugumula kanthu. Zamagetsi zisiyireni mmisiri wake, ndipo soketi ikhale kutali ndi shawa. Windo lotseguka kapena fani yotulutsa nthunzi ndiye mdani wa nkhungu.

Potsuka, sopo wamba ndi madzi zikwana. Mankhwala a asidi otsukira m'chimbudzi amadya simenti. Akadonthera pansi amasiya banga loyera lokhakhala lomwe silichoka, ndiye botolo lake lisamaikidwe pa konkire. Kamodzi pachaka donthezani madzi pansi ndi patebulo. Akaima ngati mikanda, sealer akadalipo. Akalowerera n'kudetsa konkire m'mphindi zochepa, tsukani, dikirani paume, mupakenso.