Momwe mungapangire ma croissant onunkhira batala ngati a ku France

Chomwe chimakometsa croissant ya ku France, kabuledi kopepuka kokulunga ka magawo opyapyala, ndi batala weniweni, wozizira, komanso kusapupuluma. Kwawo komweko amasiyanitsa croissant au beurre, ya batala, ndi croissant ordinaire, ya majarini, ndipo ya batalayo kawirikawiri imakhala yowongoka pomwe inayo ndi yopindika. Ife pano tikupanga ya batala.

Pa magalamu 500 a fulawa mufunika magalamu 55 a shuga, 10 a mchere, 10 a yisiti wouma, 40 a batala wofewa, ndi mamililita 280 a madzi osakaniza ndi mkaka, theka ndi theka. Pambali sungani batala wina magalamu 250. Werengani pa pepala lake: azungu a ku France amagwiritsa ntchito wa mafuta 82 peresenti. Ndi wodula kwambiri poyerekeza ndi majarini, sindikana, koma kukoma konse kuli mmenemo. Chenjerani ndi uja amagulitsa modula-dula, wokulunga m'pulasitiki yopanda dzina. Wina amakhala wosakaniza ndi majarini, ndipo mumazindikira ndalama zitapita kale.

Kandani zonse pang'ono chabe, kupatula batala wa magalamu 250 uja, phimbani, ndipo ufa wokandawo ugone m'firiji usiku wonse. Kufufuma pang'onopang'ono kozizirako ndi komwe kumabweretsa fungo lija simulipeza mu buledi wa m'golosale.

Tsopano pofunika mtima wonse ndi apa. Ikani batala uja pakati pa mapepala awiri, m'menyeni ndi kumupapatiza mpaka akhale wa makona anayi, pafupifupi masentimita 17 mbali iliyonse. Mukulungeni mu ufa wokanda uja, tsekani m'mphepete monse, tambasulani kutalika kwake kufike masentimita 60, kenako pindani patatu ngati kalata. Bwezerani m'firiji kwa mphindi 30. Chitani zimenezi katatu, ndipo mudzakhala ndi magawo 27 a batala. Mu uvuni, madzi a m'batalamo amasanduka nthunzi n'kukankha magawo a ufawo mmodzimmodzi. Ndiko kumachokera timphako tamkati ndi khungu lothetheka mukaluma.

Zonsezi zimatheka batala akakhala kuti sanasungunuke. Ine zinandivuta masana ena a Okutobala, kukutentha koopsa. Batala analowerera mu ufa ndikupindabe, ndipo mu uvuni munatuluka mabanzi olemera, mafuta ali ndengundengu m'thileyi. Kuyambira pamenepo ndimapinda m'mamawa dzuwa lisanakwere, kapena kudikira miyezi ya Juni ndi Julayi. Mukaona ufa wayamba kunyezimira kapena kumata patebulo, lekani pomwepo, ubwerere m'firiji. Komanso batala asaume gwa, chifukwa amasweka zidutswazidutswa mkatimo ndipo magawo amaduka. Mudinize ndi chala: alowe pang'ono osamata, ndipo kulimba kwake kufanane ndi kwa ufawo. Ngati mulibe mtengo wopapatizira, botolo lagalasi lodzaza madzi ozizira limagwira bwino ntchitoyi, mwinanso kuposa mtengowo. Magetsi akathima muli pakati, musatsegule firiji ndipo musakakamize, dikirani ayake.

Mukatha kupinda kachitatu, ufawo upume m'firiji ola limodzi. Tambasulani mpaka upyapyale ngati mamilimita 4, dulani zidutswa za makona atatu zazitali, kulungani kuyambira kotambalala. Zisiyeni zifufume maola awiri pamalo osapitirira madigiri 26, osati padzuwa kapena pafupi ndi mbaula monga timachitira ndi mandasi. Pakani dzira pamwamba, phikani pa madigiri 200 kwa mphindi 15 mpaka 20, zifiire ndithu. Zomwe simudya tsiku lomwelo ziikeni m'firiza zisanafufume, mudzazifufumitse ndi kuziphika tsiku lina.