Momwe mungakopere anthu polankhula pagulu ndi masilaidi

Musanatsegule kompyuta, yankhani funso ili m'chiganizo chimodzi: anthuwa akamatuluka, achite chiyani? Asaine, avote, apereke ndalama? Yankho likakuvutani, masilaidi okongola sakupulumutsani.

Kenako sankhani mfundo zitatu basi zochirikiza pempholo, iliyonse ndi umboni wake. Chimene omvera angakane nacho, kaya mtengo kaya nthawi, muchitchule nokha asanakweze mkono.

Pa masilaidi ndiye pamene ambiri amagwera. Silaidi imodzi inyamule mfundo imodzi, ndipo nkhani ya mphindi 10 masilaidi 6 kapena 8 akwana. Zilembo zisachepere saizi 28, zakuda pamalo oyera. Zachikasu wakumbuyo sazionako. Mutu unene nkhani yeniyeni: "Malonda atsika kuyambira Juni", osangoti "Malonda". Poyerekeza zinthu ikani galafu ya mizati, posonyeza kukwera ndi kutsika ikani ya mzere. Tebulo lodzaza manambala lisiyeni, chifukwa munthu sangawerenge uku akumvetsera. Maso onse amathawira pasikirini, inu n'kumangodzilankhulira nokha.

Choncho mukaonetsa galafu, khalani kaye chete masekondi atatu kuti aione, kenako lozani pamene pagona nkhani. Mu PowerPoint, pulogalamu yoonetsera masilaidi, mukadina batani la B sikirini imada bii, anthu amatembenukira kwa inu. Mukadinanso silaidi imabwerera. Ngati mukulemba pamapepala aakulu a pabolodi, tengani cholembera cha maka chakuda kapena chabuluu, zilembo zitalike ngati chala.

Yeserani katatu, mokweza, mutaimirira, wotchi ili pambali. Kuyeserera mumtima kumanamiza, nkhani imaoneka yaifupi.

Tsikulo fikani kudakali mphindi 30. Lumikizani pulojekita, onani ngati chingwe cha HDMI, cholumikizira pulojekitayo, chikulowa pa laputopu yanu, kenako kakhaleni pampando wakumbuyo muwerenge silaidi yodzaza kwambiri. Sungani kope la PDF pa fulashi, poti zilembo zimasokonekera pakompyuta yachilendo, ndipo mfundo zanu zikhalenso papepala mwina magetsi n'kuthima. Imani chammbali mwa sikirini, osafulatira anthu. Mapepala ogawa adikire kumapeto. Mukagawa poyamba, mudzangomva kuphatikuphati kwa masamba.

Silaidi yomaliza isakhale ya "Zikomo". Lembanipo pempho lija ndi tsiku lake, mulinene mukuyang'ana anthu m'maso, ndipo muisiye pomwepo nthawi yonse ya mafunso.