Momwe mungatumizire code yanu ku pulojekiti ya open source

Ku Neno, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo limasunga mbiri ya odwala pa pulogalamu ya OpenMRS. Malipoti a zipatala za boma m'dziko muno amalowa mu DHIS2, yomwe likulu lake lili ku University of Oslo ku Norway. Mapulogalamu awiriwa ndi a open source: code yake ili poyera pa GitHub, webusaiti yosungirapo code, moti aliyense akhoza kuiwerenga, kuikopera ndi kutumiza zomwe wakonza. Ngati mumatha kale kulemba code ngakhale pang'ono, inunso mukhoza kutero. Chomwe muyenera kudziwa musanayambe n'chakuti kumbali inayo kuli munthu amene adzawerenge ntchito yanu, ndipo nthawi zambiri munthuyo ndi wotanganidwa kapena amagwira mongodzipereka. Ndondomeko yonse ili m'munsiyi cholinga chake ndi kumupeputsira munthu ameneyo ntchito, kuti asavutike kunena kuti inde.

1. Sankhani pulojekiti yamoyo

Yambani ndi pulogalamu yomwe mumaigwiritsa kale ntchito, yolembedwa m'chiyankhulo cha kompyuta chomwe mumachidziwa. Mwachitsanzo, phata la OpenMRS linalembedwa mu Java, pomwe mbali yake yatsopano yomwe ogwira ntchito amaiona pa sikirini, yotchedwa O3, ndi ya React ndi TypeScript. Mukatsegula tsamba la pulojekiti, onani tsiku lomwe commit yomaliza inalowa (commit ndi kusintha kwa code komwe kwasungidwa mu mbiri ya pulojekiti), kenako onani ngati ma pull request a anthu ena, omwe ndi mapempho oti zokonza zawo zilowetsedwe, akuyankhidwa. Mukapeza atatha chaka ali chikhalire popanda wowayankha, pitani kwina. Onaninso ngati pali fayilo ya LICENSE, kaya ndi MIT, GPL, Apache kapena ina. Code yopanda laisensi, ngakhale ili poyera, mwini wake sanakupatseni chilolezo choigwiritsa ntchito.

2. Konzani zida

Ikani Git, pulogalamu yosunga mbiri ya kusintha kwa code, pa kompyuta yanu ndipo tsegulani akaunti pa GitHub. Kenako iuzeni Git kuti ndinu yani:

`git config --global user.name "Dzina Lanu"`
`git config --global user.email "imelo yanu"`

Imelo imeneyi imaoneka pa commit iliyonse. Ngati simukufuna kuti dziko lonse liidziwe, GitHub imapereka ina ya noreply yomwe mungaike m'malo mwake. Kuyambira mu Ogasiti 2021 GitHub inasiya kulandira pasiwedi wamba potumiza code, choncho pangani SSH key, kiyi yodziwitsira GitHub kuti ndinudi, ndi `ssh-keygen` n'kuika mbali yake ya poyera (fayilo ya `.pub`) mu akaunti yanu, apo ayi gwiritsani ntchito token, mawu achinsinsi omwe GitHub imakupatsani m'malo mwa pasiwedi.

3. Werengani malamulo awo, ndipo funsani musanalembe kanthu

Apa ndi pomwe ongoyamba ambiri amapunthwa, chifukwa mtima umakhala uli kale pa code. Mapulojekiti ambiri ali ndi fayilo ya README ndi ina ya CONTRIBUTING. Yachiwiriyo iwerengeni mpaka kumapeto. Ndi mmene amafotokozamo kalembedwe komwe amafuna, mayeso oyenera kuyendetsa, ndi komwe amasunga mndandanda wa zovuta. Mapulojekiti amasiyana kwambiri pa izi. Ambiri a pa GitHub amaika zovuta pansi pa Issues, ndipo zosavuta amaziika chizindikiro cha `good first issue`. A OpenMRS amasunga zovuta zawo ngati matikiti mu pulogalamu ya Jira, amakambirana pa OpenMRS Talk, ndipo tikiti iliyonse ili ndi nambala yoyamba ndi mawu ngati TRUNK kapena O3. A Linux kernel, komwe Git yeniyeniyo inabadwira mu 2005 m'manja mwa Linus Torvalds, mpaka pano amalandira zokonza kudzera pa imelo. Ena amafuna musaine kaye chikalata cha CLA, chololeza pulojekiti kugwiritsa ntchito code yanu, ena amangofuna mzere wa Signed-off-by womwe umabwera mukalemba `git commit -s`.

Mukapeza tikiti yomwe mukuona kuti muitha, werengani zonse zomwe anthu analemba pansi pake. Mwina wina anaitenga kale, mwina oyang'anira ananena kuti njira yomwe mukuiganizirayo sakuifuna. Ngati ili yopanda mwini, lembani mwachidule m'Chingerezi chosavuta kuti mukufuna kuitenga, ndipo onjezani chiganizo chimodzi kapena ziwiri zofotokoza momwe mukufuna kuikonzera. Safunsa anadya phula: kulemba mizere mazana asanu ya chinthu chomwe palibe anachipempha ndi kutaya sabata yanu pachabe. Ine ndimaona kuti ntchito yoyamba yabwino ndi yomwe mungaifotokoze m'chiganizo chimodzi, monga uthenga wolakwika womwe ukusocheretsa anthu, batani losagwira, kapena mayeso omwe akusowa.

4. Fork, clone, ndi kuidzutsa pulogalamu

Dinani batani la Fork pa tsamba la pulojekiti. Izi zikupatsani kope lanulanu mu akaunti yanu. Litsitsireni pa kompyuta ndi `git clone` kutsatiza adiresi ya fork yanu, kenako lumikizani ndi pulojekiti yeniyeni:

`git remote add upstream adiresi-ya-pulojekiti`

Musanasinthe ngakhale chilembo chimodzi, yendetsani pulogalamuyo ndi mayeso ake momwe ilili. Mukatero, chikadzasweka mudzadziwa ngati mwaswa ndinu kapena munachipeza chosweka kale.

Gawo ili ndi lomwe limadya bandulo. Pulojekiti yakale imakhala ndi mbiri yolemera, choncho `git clone --depth 1` imakutsitsirani zatsopano zokha, ndipo mbiri yonse mungadzaitenge pambuyo pake ndi `git fetch --unshallow`. Koma chomwe chimamaliza mayunitsi kwenikweni ndi tizigawo ta code tomwe pulogalamuyo imadalira, tomwe chida monga Maven kapena npm chimakoka ulendo woyamba. Chitani zimenezo pomwe pali Wi-Fi. Zikatsika, lamulo la Maven la `mvn -o` limagwira popanda intaneti, ndipo Git nayo imalola kupanga branch (nthambi yapadera ya code yogwirirapo ntchito) ndi commit netiweki kulibe. Magetsi akazima, bola laputopu ili ndi moto, ntchito ikupitirira.

5. Gwirani ntchito pa branch yakeyake

`git switch -c dzina-la-ntchito`

Musakhudze branch yaikulu, yotchedwa main kapena master. Konzani chinthu chimodzi chomwe munalonjeza, basi. Mudzaona zina zambiri zokuyabwani m'maso, monga mayina osakoma kapena mipata yosalingana, koma zisiyeni. Mukazisakaniza, wowerenga adzafunika kusanthula mafayilo makumi awiri kuti apeze mizere itatu yofunika. Tsatirani kalembedwe komwe mwakapeza ngakhale simukukakonda. Lembani mayeso omwe amalephera popanda kukonza kwanu ndipo amakhoza mukakonza, chifukwa umenewo ndiwo umboni womwe oyang'anira amaukhulupirira.

Ngati mwathandizidwa ndi AI, mzere uliwonse muumvetse moti mukhoza kuufotokoza mutafunsidwa. Daniel Stenberg, amene amayang'anira pulogalamu ya open source yotchedwa curl, wakhala akudandaula poyera za malipoti abodza opangidwa ndi AI omwe amamudyera nthawi, ndipo mapulojekiti ena anaika malamulo pa nkhaniyi.

6. Commit ndi push

Yambani ndi `git status` ndi `git diff` kuti muone bwino zomwe mukutumiza. Pasiwedi, token kapena fayilo ya `.env` zisalowemo, chifukwa zikalowa mu mbiri ya Git kuzichotsa n'kovuta. Kwa amene mukugwira pa mapulogalamu a zaumoyo, dzina la wodwala weniweni lisaoneke paliponse, ngakhale pa chithunzi cha sikirini. Uthenga wa commit ukhale waufupi, wonena chomwe chasintha, ndipo ku OpenMRS uyambe ndi nambala ya tikiti. Kenako tengani zomwe anzanu alowetsa pomwe inu munali kugwira:

`git fetch upstream`
`git rebase upstream/main`
`git push origin dzina-la-ntchito`

Ngati pulojekiti imagwiritsa ntchito master, lembani master m'malo mwa main.

7. Tsegulani pull request, ndipo musathawe

GitHub ikuonetsani batani lotsegulira pull request. Ngati pali fomu, idzazeni yonse. Nenani vuto lomwe linalipo, chomwe mwachita, ndi momwe mwayesera. Pa mapulojekiti omwe amasunga zovuta pa GitHub, kulemba `Fixes #` ndi nambala ya issue kumachititsa kuti issue itsekeke yokha ntchito yanu ikalowa. Ngati mwasintha maonekedwe, ikani zithunzi ziwiri, cha poyamba ndi cha tsopano.

Makina awo ayendetsa mayeso okha. Pakaoneka chizindikiro chofiira, tsegulani muwerenge chomwe chalephera, musadikire kuuzidwa. Kenako pabwera ndemanga za anthu, ndipo zina zimafika zosapsatira: sinthani dzina ili, mzere uwu ndi wosafunika, bwanji simunagwiritse ntchito zomwe zilipo kale. Kwa ife amene tinazolowera kuyamba ndi moni ndi kufunsana za kunyumba, kalembedwe kotere kamamveka ngati kukalipa, pomwe kumeneko ndi mmene amayankhulirana tsiku lililonse, ngakhale ndi akatswiri anzawo. Yankhani ndemanga iliyonse. Pomwe mwagwirizana nazo konzani, pomwe simukugwirizana nazo fotokozani chifukwa chake mwaulemu. Zokonzazo zitumizeni pa branch yomweyo, pull request idzisintha yokha, musatsegule ina. Akakupemphani kuti muphatikize ma commit anu akhale amodzi, `git rebase -i` ndiyo imachita zimenezo, ndipo potumiza gwiritsani ntchito `git push --force-with-lease`.

Nthawi zina kumangoti zii. Dikirani sabata imodzi kapena ziwiri, kenako lembani kamodzi pansi pa pull request yomweyo kufunsa ngati pali china chomwe akufuna musinthe. Musawatsatire oyang'anira ku ma inbox awo. Ntchito ikalowa, fufutani branch ija, bwererani ku main, kokani zatsopano ndi `git pull upstream main`, ndipo tikiti yotsatira muiyambire pa branch ina. Ngati mukulingalira za Google Summer of Code, ndondomeko ya Google yothandiza ongoyamba kugwira ntchito pa mapulojekiti a open source, yomwe yakhala ikuchitika kuyambira 2005 ndipo OpenMRS yatengamo mbali zaka zambiri, yambani kutumiza tintchito totere miyezi ingapo mafomu asanatsegulidwe, chifukwa posankha anthu amayang'ana zomwe munalowetsa kale.