Kabokosi ka splitter sikangakupatseni mamonita awiri ogwirira ntchito

Chiyambireni nyengo yogula ndi kugulitsa mbewu ino, ndalowa m'maofesi angapo kuno ku Blantyre, kuyambira ku Ginnery Corner mpaka ku Limbe, ndipo m'malo ambiri ndapeza zofanana pa tebulo. Laputopu ili pakati, mamonita awiri m'mbali, ndipo kumbuyo kwake kwabisala kabokosi kakuda kolembedwa kuti HDMI splitter, kolowa chingwe chimodzi n'kutuluka ziwiri. Mamonita onse akuwala bwinobwino, koma zimene zili kumanzere n'zomwezonso zili kumanja. Mwini wake ankafuna kuti kwinaku aziona Excel, kwinaku malisiti kapena imelo. M'malo mwake akuona tsamba limodzi kawiri, ndipo monita imodzi yangosanduka chotchingira mphepo ya pawindo.

Zimandipweteka chifukwa nkhaniyi ndainena kambirimbiri. Splitter sinapangidwe kuti ikulitse malo ogwirirapo ntchito. Ntchito yake ndi kukopera basi. Bowo limodzi la HDMI limatulutsa chithunzi chimodzi, ndipo kabokosiko kamangotenga chithunzicho n'kuchitumiza kuwiri. Taganizani za zokuzira mawu ziwiri za kutchalitchi zolumikizidwa ku maikolofoni imodzi. Simungayembekezere kuti ina izilalikira pomwe inzake ikulengeza za maliro. Laputopu nayonso sidziwa n'komwe kuti kunja kuli mamonita awiri, imangoona imodzi. N'chifukwa chake ngakhale mutadina batani la Windows pamodzi ndi P n'kusankha Extend, chimene chimachitika n'chakuti sikirini ya laputopu imasiyana ndi yakunja, koma akunja awiriwo amakhalabe mapasa.

Sikuti kabokosika n'kachabechabe ayi. Amene amaonetsa mpira wa Bullets ndi Wanderers pa ma TV awiri m'holo imodzi, kapena mpingo umene umafuna kuti mawu a nyimbo aoneke kutsogolo ndi kumbuyo, akagula splitter agula chinthu choyenera. Koma inu a maakaunti, alembi a makopaletivu, ophunzira a ku MUBAS amene mukujambula mapulani a nyumba, mukufuna zosiyana pa monita iliyonse, ndipo pamenepo splitter ilibe gawo.

Chimene anthu sawerengera ndi zotayika. Ndalama yogulira kabokosiko ndi yochepa poyerekeza ndi zimene zimatsatira. Munthu akaona kuti sizikutheka, sakayikira kabokosi, amakayikira chingwe. Amakwera minibasi kukagula chingwe china cha HDMI, chokwera mtengo, chimene wauzidwa kuti ndiye chenicheni. Zikakanikanso amati Windows yavunda, n'kupereka laputopu kwa mnyamata wokonza kuti aikemo ina. Ndakumana ndi anthu awiri chaka chino amene anataya mafayilo a miyezi ingapo mwa njira imeneyi, chifukwa sanasunge pena asanapereke makinawo. Kompyuta inalibe vuto lililonse.

Palinso china chimene chimaononga maso mwakachetechete. Monita iliyonse imauza laputopu kukula kwa chithunzi chimene ingakwanitse. Pakakhala splitter, uthenga wopita ku laputopu ndi umodzi, ndipo nthawi zambiri kabokosiko kamatsata monita yofooka kuti onse awiri aonetse. Ndiye mupeza monita yabwino ya 1920 x 1080 ikukakamizidwa kutsika kuti ifanane ndi inzake yakale ya pa kaunjika. Zilembo zimaoneka ngati zanyowa, manambala a mu Excel osasiyanitsika bwino pakati pa 3 ndi 8, ndipo pofika madzulo mutu ukuwawa. Munthu wolemba ndalama za anthu sayenera kumachita kupsinya maso kuti awerenge nambala.

Mwezi wathawu kunabwera bambo wina wachikulire wochokera cha ku Mpemba, mlimi wa ng'ombe za mkaka amenenso ndi mlembi wa gulu lawo. Mwana wawo wa ku Joni anawatumizira laputopu, ndipo iwo anagula mamonita awiri akale kuti kwina azilemba malita a mkaka amene mlimi aliyense wabweretsa, kwina aziona za malipiro. Anafika ndi zonse, ndi kabokosi ka splitter komwe, m'chikwama cha pulasitiki, atakulunga mamonitawo m'chitenje cha mayi akunyumba.

“Alangizi,” anatero, “ine ndimayesa ndi ngati mphanda ya paipi ya kudimba. Ndikaika mphanda, mzere uwu umamwa, mzere uwonso umamwa.”

Ndinati, “Zoonadi bambo, koma madzi amene akupita m'mizere iwiriyo ndi amodzi. Inu mukufuna kuti mzere wina upite madzi, wina upite feteleza, ndipo zimenezo zimafuna mapaipi awiri kuchokera kugwero.”

Anakhala chete pang'ono, kenaka anati, “Ndiye kuti maulendo atatu onse aja ndimapita ku Limbe pachabe?” Tsiku lina mwa masiku amenewo anasiya ng'ombe osazidulira nsenjere, ndipo mkaka wa m'mawa mwake unachepa. Titatembenuza laputopu yawo, tinapeza kuti inali HP EliteBook 840 G3, imene ili ndi bowo la VGA komanso la DisplayPort. Mapaipi awiri anali nawo kale, kungoti palibe anawauza kuti ayang'ane m'mbali mwa makina awo. Chinangofunika ndi chingwe cha VGA, chija cha mutu wabuluu wa mano 15, ndi kachingwe kosintha DisplayPort kukhala HDMI. Pasanathe mphindi khumi malita anali kumanzere, malipiro kumanja.

Apa ndi pamene pamandithera chipiriro. Tili ndi chizolowezi chopita kusitolo ndi pakamwa pokha, n'kukanena kuti “ndikufuna cholumikizira mamonita awiri,” osadziwa ngakhale dzina la laputopu yathu. Wogulitsa ali pa bizinesi, akupatsani chimene chili pa shelefu chokhala ndi mabowo awiri. Ena mwa iwo nawonso sadziwa kusiyana kwake. Timagula potengera kuti mnzathu wa ofesi yoyandikana anagula chomwecho, osapita kukaona ngati kwa iye chikugwira. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma kufunsa kwake kukhale kwa munthu amene waiona laputopuyo ndi maso. Foni muli nayo m'thumba, kujambula mabowo a mbali zonse ziwiri ndi kapepala kapansi kolembedwa mtundu wa makina sikutenga ngakhale mphindi imodzi.

Tsopano kwabweranso mtundu wina wa cholakwa chomwechi, wovala zovala zatsopano. Anthu amva kuti USB-C imachita zonse, ndiye akugula ka hub, kachipangizo kolumikiza ku bowo la USB-C, kokhala ndi mabowo awiri a HDMI. Si bowo lililonse la USB-C limatulutsa chithunzi. Laputopu ya bambo a ku Mpemba aja ili nalo bowo lotere, koma silitumiza kanema ku monita. Bowolo liyenera kukhala ndi chimene amachitcha DisplayPort Alt Mode, kapena likhale la Thunderbolt, limene pambali pake pamakhala kachizindikiro ka mphezi. Ndipo ngakhale litakhala loyenera, ma hub ambiri a HDMI ziwiri amagawa chithunzi mwa njira yotchedwa MST, imene inabwera ndi DisplayPort 1.2. Pa Windows njirayi imapereka zosiyana pa monita iliyonse, koma pa MacBook siitero, mamonita awiriwo amaonetsa zofanana ngati mwaika splitter ija. Inu okhala ndi MacBook Air ya purosesa ya M1, ya mu 2020, dziwaninso kuti makina anu paokha amanyamula monita imodzi yokha yakunja, ndipo ya M2 ndi chimodzimodzi. Ya M3, ya mu 2024, imalola awiri pokhapokha mutatseka chivundikiro cha laputopu.

Zoyenera kuchita si zambiri. Yambani mwawerenga mabowo otulutsa chithunzi amene laputopu yanu ili nawo. Zambiri za kaunjika zimene zadzaza m'tauni muno zili ndi awiri: ThinkPad T460 ndi Dell Latitude E7470 zili ndi HDMI komanso Mini DisplayPort. Monita iliyonse ipite ku bowo lakelake, mudine Windows ndi P, musankhe Extend, kenaka mu Display settings mukokere timabokosi ta 1, 2 ndi 3 kuti tikhale monga mamonita akhalira pa tebulo. Makina ambiri a Intel kuyambira a m'badwo wachitatu, a mu 2012, amatha masikirini atatu kuphatikizapo ya laputopu yomwe, koma akale kuposa pamenepo amathera pa awiri, ndiye ya laputopu iyenera kuzima kuti akunja awiri ayake.

Ngati bowo lili limodzi lokha, funani adaputala kapena dock, kabokosi kowonjezera mabowo a laputopu, yolembedwa DisplayLink. Imeneyi imadutsa pa USB wamba ndipo imafuna kuikamo pulogalamu yake kaye. Pa ntchito ya muofesi imakwanira, ngakhale kuti pa masewero ndi kanema wothamanga imatsalira, ndipo ndi yomwenso imapulumutsa a M1. Amene muli ndi Thunderbolt 4, dock yake imanyamula mamonita awiri a 4K, kungoti mtengo wake ndi wowawa. Kachingwe kosintha HDMI kukhala VGA kamagwira mbali imodzi yokha, musagule kotembenuka. Pitani nayo laputopu kusitolo, ayese muli pomwepo, muone ndi maso anu mbewa ikuchoka pa monita ina kulowa pa inzake musanapereke ndalama. Mamonita ndi dock yomwe zidutse pa surge protector, chotetezera ku magetsi obwera mwamphamvu, chifukwa magetsi akamabwerera atazima ndi pamene zipangizozi zimapsa.