Momwe mungagwiritsire ntchito viniga pochapa zovala

Chiperoni chikafika kuno ku Blantyre, cha mu Juni ndi Julayi, phiri la Soche ndi la Ndirande osaoneka chifukwa cha nkhungu, zovala zimatha masiku awiri kapena atatu zili pachingwe osauma. Ukazianula zimakhala ndi kafungo kaja ka chinyontho, chonsecho unazichapa wekha ndi manja ako, sopo osamuumira. Tawulo nalo likauma limangoti gwa, kukanda pakhungu ngati chiguduli. Ambirife tikaona zimenezi timawonjezera sopo pochapa ulendo wotsatira, osadziwa kuti nthawi zambiri vuto ndi sopo yemweyo amene watsalira m'nsalu. Apa ndi pamene viniga amathandiza, ndipo ine sindichapa matawulo ndi mabedishiti popanda iye. Koma pali malo ake olowera, ndipo anthu ambiri amamulowetsa polakwika.

Yambani ndi kugula viniga woyenera. Tengani woyera, wooneka ngati madzi, yemwe uja timathira mu saladi kapena pa tchipisi. Wotchipa ndi wokwanira. Wabulauni musiyeni kukhitchini chifukwa angathe kusiya mtundu wake pa malaya oyera. Mukawerenga pabotolo nthawi zambiri mupeza palembedwa 5%, kutanthauza kuti magawo 5 pa 100 alionse ndi asidi wotchedwa acetic acid, otsalawo ndi madzi. Ndi asidi wofooka, n'chifukwa chake timatha kumudya.

Tsono mumvetse chinthu chimodzi ichi, zina zonse zichokera pamenepa. Sopo, kaya wamtanda kaya waufa, ali m'gulu limodzi ndi soda komanso chidulo chophikira therere. Gulu limeneli ndi lotsutsana ndi asidi. Zikakumana m'beseni limodzi zimathetsana mphamvu: sopo amafooka, viniga nayenso amatha ntchito, inu n'kutsala ndi madzi osachapa kanthu, ndalama mwataya kawiri. Choncho viniga salowa m'madzi a sopo. Malo ake ndi potsukuluza, kapena ponyika zovala musanayambe kuchapa.

Kachapidwe kake ndi aka. Chapani monga mwa masiku onse, koma yesani kuchepetsako sopo pang'ono. Thovu lambiri si umboni wakuti zovala zayera. Mukatha, finyani bwinobwino ndi kutsukuluza koyamba m'madzi opanda chilichonse kuti sopo wambiri achoke. Kenako tungani madzi otsukuluzira komaliza, muthiremo theka la kapu ya viniga, pafupifupi mamililita 125, pa malita 10 alionse. Ngati mukugwiritsa ntchito ndowa yaikulu ija ya malita 20, thirani kapu yathunthu. Takasani madziwo kaye musanaikemo zovala, kuti viniga asakhale pamalo amodzi. Zisiyeni mmenemo mphindi 10 kapena 15, muzizitembenuza, kenako finyani ndi kukayanika. Simufunika kutsukuluzanso. Fungo lowawasa lija lidzakuvutitsani pamene mukufinya basi. Zovala zikauma limachoka.

Gwiritsani ntchito beseni kapena ndowa yapulasitiki. Ndowa yamalata imadyeka ndi asidi mukamaisiya ndi viniga kawirikawiri, n'kuyamba kuchita dzimbiri lomwe limadzagweranso pa zovala zanu zomwezo.

Amene apindule kwambiri ndi njira imeneyi ndi omwe amachapira madzi a pamjigo kapena pachitsime, monga ambiri a cha ku Machinjiri, Chigumula, Mpemba ndi Lunzu, komanso tonsefe masiku amene mpopi wauma n'kumathamanga ndi zigubu. Madzi ochokera pansi panthaka nthawi zambiri amakhala ndi miyala yosungunuka, makamaka calcium ndi magnesium. Mumawazindikira chifukwa sopo wamtanda amavuta kuchita thovu, pamwamba pa madzi pamayandama zinthu zotuwa, ndipo mu ketulo mumamera choyera ngati laimu. Zotuwazo zimakakamira mu ulusi wa nsalu, n'kuchititsa tawulo kuuma gwa ndiponso zovala zakuda kutuluka mizere yoyererako. Viniga amasungunula zimenezi. Ndipo tinene zoona: munthu amene wasenza madzi kuchokera kutali sangatsukuluze kanayi. Kutsukuluza kawiri, kachiwiriko ndi viniga, kumachotsa sopo wotsalira kuposa kutsukuluza kawiri m'madzi okhaokha.

Pa matawulo ndi matewera ansalu ndimakonda viniga kuposa mankhwala onunkhira ofewetsera zovala. Mankhwala amenewo amafewetsa pomata kanthu koterera pa ulusi, ndipo pakapita nthawi tawulo limasiya kumwa madzi bwino. Viniga samata kanthu, amangochotsa zomwe zinakakamira. Kununkhiritsa ndiye sanunkhiritsa, zimenezo musayembekezere.

Ngati chovala chagwira kale fungo, kaya la chinyontho, la utsi wa mbaula, kapena fungo lija la kaunjika amene mwangomugula kumsika wa Limbe, dongosolo limatembenuka. Nyikani kaye musanachape. Thirani kapu imodzi ya viniga mu malita 10 a madzi ofunda, osati otentha kwambiri, musiye chovalacho kwa theka la ola mpaka ola limodzi. Tayani madziwo, tsukuluzani, kenako chapani ndi sopo. Kaunjika wina amafuna kubwereza kawiri. Dzuwa likawala, ngakhale la maola awiri okha, tulutsani muyanike panja, chifukwa palibe chochotsa fungo kuposa kuuma msanga. Masiku a chiperoni yanikani motalikirana pakhonde pamene mphepo ikudutsa, osati kusanjikiza pampando m'chipinda chotseka.

Malaya a kuntchito ndi yunifolomu ya ana asukulu zimavuta kukhwapa ndi pakolala. Chikasu cha kukhwapa chimabwera thukuta likasakanikirana ndi mankhwala opaka kukhwapa, omwe ambiri mwa iwo amakhala ndi aluminium. Sakanizani viniga ndi madzi muyezo wofanana, nyowetsani pamalopo, dikirani theka la ola, tikitani ndi mswachi wakale, tsukuluzani ndi kuchapa ndi sopo. Chikasu chatsopano chimachepa ndithu. Chomwe chakhala chaka chathunthu, chikusitidwa mlungu ndi mlungu, mwina sichingachoke chonse. Ngati malayawo ndi amtundu, yesani kaye kadontho mkati mwa mpendero muone ngati sasuluka.

Dzimbiri la pawaya woyanikira nalo limamvera asidi: pakani viniga ndi mchere, ikani padzuwa, kenako chapani. Madzi a mandimu amachita bwino kuposa pamenepa. Mafuta a ndiwo ndi girisi si za viniga, ndi za sopo. Magazi ndi a madzi ozizira, mwamsanga.

Tsopano chenjezo limene ndikupempha kuti muuzenso aliyense amene amachapa pakhomo panu, kaya ndi mwana, kaya ndi okuthandizani ntchito. Viniga asakumane ndi Jik, kapena mankhwala alionse oyeretsera okhala ndi chlorine, kuphatikizapo chlorine wothira m'madzi akumwa uja tinamuzolowera nthawi ya kolera ya mu 2022 ndi 2023. Zikasakanikirana zimatulutsa mpweya wa chlorine womwe umawotcha maso, pakhosi ndi m'mapapo, makamaka m'bafa laling'ono lopanda zenera. Ngozi yake imabwera mosayembekezera: watsukuluza zovala ndi viniga, madziwo wawasunga kuti akakolopere m'nyumba, monga timachitira posafuna kutaya madzi, wina n'kubwera kudzathiramo Jik. Madzi a viniga akhale paokha, kapena muwataye. Ngati tsiku limenelo mwayeretsa zovala ndi Jik, viniga mumusiye, mudzamugwiritse ntchito tsiku lina. Zikachitika mwangozi, tulukani panja pompopompo, tsegulani zitseko ndi mazenera, ndipo ngati munthu akutsokomola kosalekeza kapena akubanika, thamangirani naye kuchipatala chapafupi kapena ku Queens.

Pa nkhani ya matenda yomweyi, viniga si mankhwala odalirika ophera majeremusi. Zovala ndi zofunda za munthu wotsegula m'mimba zimafuna chlorine monga amalangizira azaumoyo, osati viniga.

Pali zina ziwiri zomwe zimayenda kwambiri m'magulu a WhatsApp koma sizoona. Choyamba ndi chakuti muzisakaniza viniga ndi soda kuti zichape mwamphamvu. Kuwira kumene mumaona kuja ndi mpweya wa carbon dioxide ukutuluka, ndipo chotsala ndi madzi okhala ndi kamchere basi. Ngati mukufuna zonse ziwiri, soda alowe pochapa, viniga potsukuluza. Chachiwiri ndi chakuti viniga amagwiritsa utoto wa chitenje chatsopano kuti chisasuluke. Ndikanakonda zikanakhala choncho, poti chitenje chabwino si chotchipa, koma utoto wa pa nsalu ya thonje sugwira chifukwa cha asidi. Chitenje chatsopano chichapeni pachokha m'madzi ozizira mpaka chisiye kutulutsa utoto, ndipo muziyanika pamthunzi.

Zovala za lasitiki wambiri, monga zamkati, mataiti ndi zochitira masewera, musamaziike mu viniga ulendo uliwonse. Lasitiki amafooka msanga. Amene muli ndi makina ochapira, theka la kapu limalowa m'kabokosi kothiramo mankhwala ofewetsera zovala, kuti makinawo amutulutse nthawi yotsukuluza. Koma chitani mwa apo ndi apo, chifukwa asidi amadya labala wa pachitseko ndi mapaipi a mkati, ndipo muwerenge kaye kabuku kamene kanabwera ndi makinawo, poti ena amaletseratu.

Zikauma, musaiwale simbi. Viniga sapha mazira a ntchentche ija yoikira pa zovala zonyowa, makamaka zoyanikidwa paudzu kapena pansi nthawi ya mvula, omwe amadzasanduka mphutsi pakhungu. Chomwe chimawapha ndi kutentha. Zovala za ana, matewera, zamkati ndi matawulo sitani mbali zonse ziwiri, muzikanikiza kwambiri m'misoko ndi m'chiuno momwe nsalu yapindika, kaya simbi yanu ndi yamagetsi kaya yamakala.